Mchere wa a Dalaivala

Tsiku limene ankachotsa katundu kukhitchini kuti amisiri apake penti, mwana wawo wamkazi anakhuthulira kabati ya masipuni pathebulo. Pakati pa mipeni yobuntha ndi zivindikiro zopanda mapoto panagubuduka chijekeseni chachikulu chopanda singano, chitachita chikasu, manambala ake atafufutika.

"Amayi, ichinso mukusungabe? Mlendo atachiona angaganize kuti timabaya ng'ombe muno. Nditaye?"

Amake mapasa, poti ndi mmene msewu wonse unkawatchulira ngakhale mapasawo anali kale ndi ana awo, anangotambasula dzanja. Anachipukuta ndi m'mphepete mwa diresi n'kukoka chakumbuyo chake. Chinalira fyuu, monga chinkalirira kale. Pomwepo anamva fungo la sopo wokolopera pansi ndi kulira kwa matayala a kangolo ka mankhwala mu wodi ya pamwamba ija. Chodabwitsa n'chakuti mtima sunawawe. Nthawi ija ankaikumbuka ngati mmene ena amakumbukira kusukulu: kunali kovuta, koma anthu ake onse analipo.

Amuna awo anali a Dalaivala. Anayendetsa basi za maulendo ataliatali mpaka maso atayamba kuchita chifunga, ndipo dzina la ntchito linawakanirira ngakhale atapuma. Kudya m'malesitilanti a m'mbali mwa msewu kunawasiyira khalidwe limodzi. Mbale ikangotera patsogolo pawo, asanalawe n'komwe, ankakweza dzanja lamanja n'kumafikisa chala chachikulu ndi chinzake.

"Mwalawa kale?" ankatero Amake mapasa. "Lilime lanu linapsa ndi dizilo inu."

"Wachepa," ankayankha a Dalaivala, osatukula ndi mutu womwe.

Kabotolo ka mchere kankabwera, n'kuikidwa pathebulo mokalipa. Zinali choncho pa nyemba, pa mazira, pa supu, zaka makumi anayi ndi kanthu. Tsiku lina Amake mapasa anathira dala mchere wodzaza dzanja kuti awakhaulitse. Bamboyo anafikisa zala, anawonjezera, anadya mbale yonse misozi ili chuchuchu, anamwa madzi jagi yathunthu, koma kuvomera ayi.

M'mawa wina akupukuta nsapato pakhonde, burashi inagwa m'manja, iwonso n'kuitsatira. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Inatenga mbali yonse ya kumanja, inatenga mawu, inatenganso kumeza. Ngakhale madzi a pasipuni ankasochera kupita kumapapo, munthu n'kutsokomola mpaka kuda nkhope. A Dalaivala, amene lamba ankamangira pabowo lomaliza, anayamba kuphwa pabedi anthu akuona.

Apa ndi pamene panafika dokotala wina wamkazi, wamng'ono msinkhu, wokoloweka tepi m'khosi ngati telala. Wodi yonse inkamutchula Dokotala wa Tepi, chifukwa m'mawa uliwonse ankayeza mikono ya odwala kuti aone ngati mnofu ukubwerera. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Amake mapasa, osati chiimire monga ankachitira ena.

"Amayi, ife tikuchita kafukufuku," anatero. "Munthu akalephera kumeza, pali njira ziwiri zomudyetsera. Ina, chakudya chamadzi chimalowa mumtsempha ngati diripi. Ina, timalowetsa kapaipi pamphuno mpaka m'mimba. Tikufuna kudziwa njira imene imabwezera mphamvu bwino anthu ngati abambowa."

"Ndiye yabwino ndi iti?"

"Sitikudziwa. Tikanadziwa sitikanafufuza."

Amake mapasa anamuyang'ana bwino mtsikanayo. Chibadwire anali asanamvepo dokotala akunena kuti sakudziwa.

"Nanga asankhe ndani? Inuyo?"

"Ayi. Kompyuta imachita maere."

"Amuna anga muwachitire maere ngati wailesi ya pampikisano?"

Dokotala anaseka pang'ono. Anati akhoza kukana, ndipo akakana bamboyo asamalidwabe chimodzimodzi. Koma ananenanso china, chimene chinakhala m'mutu mwa Amake mapasa: wa mtsempha sachoka m'chipatala, pamene wa kapaipi, wachibale akaphunzira kumudyetsa ndipo magazi akamaonetsa bwino, amatha kupita kwawo, anamwino a kafukufuku n'kumakamuyendera komweko.

Amake mapasa anawerama pakhutu la amuna awo n'kuwafotokozera zonse. "Mukavomera mundifinye dzanja," anatero. Dzanja lamanzere linafinya. Maere anagwera kapaipi.

Bedi loyandikana nalo linali la a Mlonda, bambo wowonda ngati ndodo ya ambulera, amene chotupa chinawatseka kummero. Iwo maere anawagwetsera ku mtsempha, ndipo pamwamba pa bedi lawo pankalendewera thumba la madzi oyera ngati mkaka. Kummero kunatseka, koma pakamwa panachita ngati patseguka kawiri.

"Alamu, pepani, amuna anu alowa chipani cha njovu," anatero ataona kapaipi katamatidwa ndi pulasitala pamphuno ya a Dalaivala. "Onani zitamba mzere wonsewo. Ife a mtsempha ndife mabwana, timadya tili mtulo."

"Mabwana osadziwa chimene adya," anayankha Amake mapasa.

"Ndimadziwa! Sisitala, thumba la leroli mwaikamo chiyani? Dzulo ndinaitanitsa nkhuku yowotcha, mwandipatsa chiwindi."

"Lero ndi nsomba, a Mlonda," anatero Sisitala akudutsa, mayi wonenepa wa nsapato zolira. "Samalani minga."

Sisitala yemweyo ndi amene anaphunzitsa Amake mapasa ntchito. Choyamba kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Kenako kukweza kumutu kwa bedi, munthu akhale chotsamira. Kuona kachizindikiro kakuda pa kapaipi, ngati kadali pomwe pali mphuno. Chakudya chinkabwera m'zitini, chamadzi, chooneka ngati tiyi wamkaka wambiri. Chitini ankachiika m'beseni la madzi ofunda m'kachipinda kotsukira ziwiya, n'kuthira m'kapu, n'kukoka ndi chijekeseni chija, n'kukankha pang'onopang'ono. Pomaliza madzi otsukira kapaipi.

"Musathamange, amayi, si basi ya amuna anu iyi," ankatero Sisitala. "Ndipo lamulo lalikulu ndi liti?"

"Pakamwa pasalowe kanthu."

"Ngakhale madzi?"

"Ngakhale dontho."

Lamulo limenelo analisunga ngati la m'tchalitchi. Anthu ena obwera kudzaona odwala ankabisa nthochi m'zikwama, Amake mapasa n'kuwabweza pakhomo pomwe. Posakhalitsa manja awo anazolowera moti Sisitala ankabweretsa odikirira odwala atsopano kuti adzaonere kwa iwo. M'mawa uliwonse ankabwera otenga magazi, kenako sikelo, kenako Dokotala wa Tepi. Tepi ikasuntha pang'ono, dokotala ankaonetsa Amake mapasa ndi chikhadabo, onse awiri n'kusangalala ngati apeza dzira m'chisa.

Chimodzi chokha chinkawawawa. Poyesa kutentha kwa chakudya ankadonthezera kuseri kwa dzanja monga ankachitira ndi mkaka wa mapasa, ndipo tsiku lina ananyambita. Zii. Ngati madzi otsukira mpunga. Anayang'ana amuna awo ali gone, maso ali kudenga, ndipo anaganiza za zaka zonse zimene anawaphikira. Munthu uyu, wakuti ngakhale chinanazi ankachithira mchere, lero akudya izi, ndipo sangathe n'kudandaula komwe.

A Dalaivala masiku amenewo anali ngati nyumba yotseka makatani. Ankafinya dzanja ukawapempha, basi. Mwana wawo wamkazi ankabwera akaweruka kuntchito, mnzake wa mapasa ankaimba foni kuchokera kutali kumene anakwatira, koma bamboyo maso ali kudenga. Ndiye masana ena, Amake mapasa atangolumikiza chijekeseni ku kapaipi, bulangete linagwedezeka. Dzanja lamanzere linatuluka, linakwera pang'onopang'ono, chala chachikulu n'kuyamba kufikisa chinzake. Silinali dzanja lake la ntchito imeneyi, linkachita mophonyaphonya, koma panalibe chokayikitsa.

Amake mapasa anayang'ana zalazo. Kenako mawu anatuluka okha, akale omwe aja.

"Mwalawa kale? Lilime lanu linapsa ndi dizilo inu."

Mbali yamoyo ya pakamwa pa a Dalaivala inakwera pang'ono.

"Aseka!" anakuwa a Mlonda. "Sisitala, njovu yaseka kuno!"

M'mawa mwake Amake mapasa anabwera ndi mchere m'kabokosi ka machesi. M'kachipinda kotsukira ziwiya anatapa ndi zala ziwiri n'kuwaza m'kapu, n'kutakasa mpaka utasungunuka. Sanaone ngati akulakwa. Lamulo linali la pakamwa, ndipo pakamwa sipanalowe kanthu. Sanabise, komanso sanaonetse. Kodi mkazi amakapempha chilolezo kwa dokotala kuti akoleretse chakudya cha mwamuna wake?

Atakankha chakudyacho anayang'anitsitsa nkhope ya amuna awo. Dzanja linakweranso. Zala zinafikisa.

"Wachepabe? Inu simudzasintha."

Chakudya chotsatira anatapa kawiri. Zala zinafikisabe. Anayamba kutapa ndi zala zitatu. Wa kapaipi amadya kangapo patsiku, pang'onopang'ono ngati khanda, ndipo kapu iliyonse inkalandira gawo lake. Kabokosi ka machesi kankatha msanga, n'kukadzazidwanso kunyumba. Anaona ndi a Mlonda okha, tsiku limene kabokosi kanagwa m'chikwama n'kumwazika pansi.

"Alamu, mwayamba kuphika m'chipatala? Nane ndiwazireniko m'thumbamu, nsomba ya Sisitala ilibe mchere."

"Mukauze akazi anu."

"Anandithawa ndili ndi mano onse, abwera lero?"

Amenewo ndi masiku amene Amake mapasa ankawakumbuka kwambiri. Dzuwa linkalowa pazenera la kumapeto n'kuyenda pamabedi limodzilimodzi. A Mlonda ankafotokoza mmene amawotchera nkhuku, kuyambira pogula mpaka potafuna mafupa, wodi yonse ya anthu osadya ikumvetsera, ena akumutukwana, ena akumuuza kuti waiwala tsabola. Amake mapasa ankameta ndevu amuna awo, kuwadula zikhadabo, kuwauza nkhani za mumsewu mwawo. Chikwatiranireni anali asanakhalepo limodzi tsiku lathunthu masiku otsatizana chonchi, chifukwa basi inkawalanda mwamuna. Dokotala wa Tepi anati zikapitirira chonchi, sabata yamawa apita kwawo. Mwana wawo anasamutsira bedi pabalaza, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu, kuti bambo ake azidzaona magalimoto.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mapazi a a Dalaivala anayamba kutupa, ukadina chala pankatsala kadzenje. Milomo inauma n'kung'aluka. Anayamba kugona masana onse, ndipo dzanja lija linasiya kukwera. Otenga magazi anayamba kubwera m'mawa ndi madzulo. Dokotala wa Tepi ankaima kumiyendo kwa bedi nthawi yaitali, tepi ili m'khosi osaigwira.

M'mawa wina anakokanso mpando uja.

"Amayi, nkhani si yabwino. Mchere wa m'magazi mwa abambo ukukwera, ndipo kuthamanga kwa magazi kwakweranso. Tayeza impso. Tasintha mankhwala. Tayeza ngakhale zitini, kuopa kuti mwina zinabwera zolakwika. Chifukwa sitikuchipeza."

"Mchere wake uti?"

"Womwewu wa kukhitchini. Thupi limakhala ndi wake, pamuyeso wake. Ukapyola umavulaza, makamaka munthu amene wadwala kale sitiroko. Malamulo a kafukufuku amati tikapanda kupeza chifukwa, tisiye chakudya cha m'zitini. Mawa m'mawa tichotsa kapaipi, tiwaika pa mtsempha, kuti chilichonse cholowa m'thupi tizichiwerengera tokha."

"Nanga kunyumba?"

Dokotala anapukusa mutu. "Osati posachedwa."

Amake mapasa anamva ngati kabokosi ka machesi kakuwotcha chikwama pamiyendo pawo. Nthawi ya chakudya itakwana anakafunditsa chitini, anathira m'kapu, osawaza kanthu, ndipo china chinatayikira pabulangete.

Anatuluka kupita kuseri kwa wodi, kumene odikirira odwala ankayanika zovala pazingwe. Anaima pakati pa mashiti onyowa. Akakhala chete, mawa kapaipi kachoka, ndipo bedi la pabalaza lidikira munthu amene mwina sadzabwera. Akanena, adzati mayi uyu ndi woopsa, sangapatsidwe wodwala, n'kuwalanda chijekeseni. Uku kunyumba kulibe, ukunso kulibe. Ndipo pansi pa zonsezo panali china cholemera kuposa: mapazi otupa aja anawatupitsa ndi iwo, ndi zala zawo zomwe.

Atabwerera anapeza a Mlonda akuwadikira. Ulendo uno sanakuwe. Anawakodola kuti ayandikire.

"Alamu, ine ntchito yanga inali ya pageti. Ndaona zambiri zolowa ndi zotuluka, ndipo pakamwa panga pamadziwa kutseka pakafunika, musaone kulongololaku. Koma izi sindisunga mpaka mawa. Kaneneni nokha. Mukanena inu ndi nkhani ya m'banja. Ndikanena ine ikhala ya kupolisi."

"Andilanda bambowa."

"Mwina. Koma mukapanda kunena akubwera kuno ku chipani chathu. Mwaonapo wa mtsempha akutuluka pakhomo lija ndi chikwama?" Analoza thumba lawo loyera ndi chibwano. "Ine ndimaseka, alamu, koma nkhuku imeneyi ndatopa nayo."

Ofesi ya kafukufuku inali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa khonde. Munali makatoni a zitini mpaka kudenga ndi firiji yong'ung'uza yosungira timabotolo ta magazi. Dokotala wa Tepi anali atavula nsapato pansi pa tebulo, akudya buledi wouma. Amake mapasa sanakhale pansi. Anatulutsa kabokosi ka machesi, anakatsegula, n'kukaika pafupi ndi bulediyo.

"Mchere mukuufunawo ndi uwu. Ndimathira ndine. Kapu iliyonse."

Dokotala anayang'ana kabokosi, anayang'ana mayiyo, anayang'ananso kabokosi. Anameza buledi anali mkamwa.

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lija anaseka."

"Wochuluka bwanji?"

"Wongokoleretsa."

"Ndionetseni."

Anatulutsa kasikelo kakang'ono ka mankhwala. Amake mapasa anatapa ndi zala zitatu monga ankachitira, n'kuwaza pamenepo, kenako n'kuwonjezera kachiwiri, poti chilungamo chake chinali chimenecho. Dokotala anawerenga, anatseka maso kanthawi, n'kupumira m'mwamba. Amake mapasa ankadikira kukalipiridwa. M'malo mwake anamva funso.

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Amapempha. Amatere." Anafikisa zala. "Chakudya chanu n'chozizira, adokotala, ndinalawa. Munthu uja sanadyepo chopanda mchere chikwatiranireni. Ndikathira amapemphabe, ndiye ndimati wachepa."

Dokotala anaimirira, osavala n'komwe nsapato. Anaika chala pamphuno pake, n'kuchiyendetsa m'mbali mwa tsaya, kutsika pakhosi, mpaka pamimba.

"Kapaipi kamadutsa umu. Kumbuyo. Lilime lili kuno kutsogolo. Chakudya sichilikhudza."

Amake mapasa anakhala pampando tsopano, osauzidwa.

"Ndiye kuti sanaulawe?"

"Ngakhale kambewu kamodzi."

Pa zonse za tsiku limenelo, chimene chinawaliritsa ndi chimenechi. Osati mantha, osati manyazi. Mchere wonse uja, kabokosi ndi kabokosi, unangodutsa mumdima ngati basi yosaima pasiteji, mwini wake akuimika ndi dzanja.

Dokotala anadikira mpaka atapukuta maso. Kenako ananena mosabisa kuti nkhaniyi ayenera kuilemba ndi kuuza akuluakulu a kafukufuku lero lomwe, ndipo za kunyumba sangalonjeze. "Koma kapaipi sindichotsa mawa. Chifukwa tachipeza. Ndipo mbali ina ndi yathu. Tinakuuzani za pakamwa mpaka kukutopetsani, za m'kapu sitinanenepo."

Madzulo ake Sisitala anayenda bedi ndi bedi la chipani cha njovu, manja ali m'chiuno, kufunsa mofatsa ngati pali wina amene amathandizira zitini. Kenako mtsikana wina anavomera kuti amawaza kashuga m'kapu ya amayi ake. Bambo wina wa kukona anati iye majarini pang'ono pokha, kuti mkazi wake anenepe msanga, tepi isangalale.

"Ambuye!" anatero Sisitala. "Ndimayesa ndikuyendetsa wodi, osadziwa ndi lesitilanti."

"Ife a mtsempha tikupempha mpikisano uyambirenso," anatero a Mlonda. "Anzathuwa amadya mobera."

Chijekeseni anawalandadi. Kwa masiku angapo ankadyetsa ndi Sisitala, akuwonjezera madzi pamuyeso umene dokotala ananena, poti mchere wokwera sautsitsa mothamanga. Amake mapasa ankakhala pampando manja ali pamiyendo, kuonerera mkazi wina akudyetsa mwamuna wawo. Sanadandaule. Ankangotsatira ndi maso, milomo ikuyenda, Sisitala akafulumira pang'ono iwo n'kutsokomola.

Mapazi anayamba kuphwa. Maso anatseguka. Tsiku lina dzanja lamanzere linakweranso, zala n'kufikisa, ndipo Amake mapasa anayang'ana kumbali.

Sisitala anaona. M'mawa mwake anabwera ndi Dokotala wa Tepi, atanyamula kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, kamene ankatsukira m'kamwa mwa odwala.

"Akuluakulu ayankha," anatero dokotala. "Abambo akhalabe m'kafukufuku, za mcherezo talemba mmene zinachitikira. Inu muyambiranso kuwadyetsa Sisitala akuyang'ana. Magazi akakhazikika, mupita kwanu. M'kapu musaikemo kanthu, ngakhale mutalota mngelo akukuuzani."

"Ndamva."

"Tsono mukakafika kunyumba, ichi ndakulolani. Kamodzi patsiku, osapitirira. Munyowetse thonjeli, mulifinye, mukhudzitse timbewu tiwiri ta mchere, muwakhudze nalo pansonga ya lilime. Kenako mupukute. Kumeneko ndiye kuli mwini nkhani."

Chijekeseni chinabwerera m'manja mwawo. Sisitala ankawasecha chikwama m'mawa uliwonse pakhomo, akuti ndi kasitomu ya pamalire a dziko, ndipo a Mlonda anawapatsa dzina loti a Supuni Yaikulu, limene linawatsatira mpaka tsiku lotuluka. Tsikulo a Mlonda anapempha kuti awakwezere bedi aone bwino. A Dalaivala ali pa njinga ya odwala, atavala jekete imene tsopano inkawakwana awiri, anatambasula dzanja lamanzere, ndipo madoda awiriwo anagwirana nthawi yaitali.

"Yendetsani bwino, a Dalaivala. Mukafika mutidyereko."

Amake mapasa anabwererako kawiri kudzawaona a Mlonda, ulendo wachitatu anapeza pabedi paja pali munthu wina.

Kunyumba anakana kudyetsera amuna awo pabedi. Anati munthu ali kwawo amadyera pathebulo. Iwo ndi mwana wawo anawakhazika pampando wawo wakale, mapilo uku ndi uku. Amake mapasa anaika mbale yawo ya nyemba mbali ino, kapu ndi chijekeseni mbali inayo. Anaona kachizindikiro pamphuno, analumikiza, anayamba kukankha pang'onopang'ono. Panja basi inadutsa ikusintha giya molira, ndipo a Dalaivala anakwinya nkhope, kunyoza woyendetsayo.

Kenako dzanja linakwera.

"Mwalawa kale?" anatero Amake mapasa. "Lilime lanu linapsa ndi dizilo inu."

Anatenga kabotolo ka mchere n'kukaika pathebulo mokalipa monga kale. Anawazira pang'ono m'sosala, ananyowetsa thonje, analifinya, anakhudzitsa. "Tsegulani." Anawakhudza pansonga ya lilime.

A Dalaivala anatseka pakamwa. Anatseka maso. Nsagwada zinayenda, zinayendanso. Mwana wawo anaima pakhomo la kukhitchini ndi poto m'manja. Pakhosi pa bamboyo panatuluka phokoso, linakanika, linayambiranso. Mawu anabwera opindika, olemera, oyamba chigwereni pakhonde paja, koma onse awiri anawamva.

"Wa... chuluka."

Amake mapasa anaponya kamtengo kaja pathebulo. "Zaka makumi anayi! Lero ndiye wachuluka? Mwana iwe, wawamva bambo ako?"

Mwanayo anali atakhala pansi pakhomo pomwepo, poto ali pamiyendo, akuseka ndi kulira pamodzi.

A Dalaivala anakhala pathebulo limenelo zaka zina ziwiri ndi miyezi. Kapaipi sikanachoke, ankangokasintha. Anamwino ankabwera ndi sikelo ndi tepi mpaka kafukufuku anatha, ndipo Dokotala wa Tepi anabwera yekha kudzafotokoza zimene anapeza. Anafotokoza bwino, ndi manambala ake, koma Amake mapasa zambiri zinawadutsa. Anangogwira chakuti tsopano pophunzitsa achibale amayamba ndi kufunsa kuti, kodi kwanu wodwalayu amakonda kuthira chiyani m'chakudya?

"Amayi, ndikufunsatu," anatero mwana wawo, atanyamula katoni ya zotaya. "Amisiri afika posachedwa."

Amake mapasa analowetsa chijekeseni m'thumba la diresi. "Taya zivindikirozo."

Masana amenewo anadyera pakhonde chifukwa cha fungo la penti. Mwanayo anabweretsa supu m'mbale ziwiri, anaika imodzi pamiyendo ya mayi ake, n'kutembenuka kuti akatenge masipuni. Pobwerera anaima.

"Amayi. Mwalawa kale?"

Amake mapasa anayang'ana dzanja lawo. Linali m'mwamba, zala zikufikisana.

"Usandiyankhe, iwe," anatero. "Bweretsa kabotoloko."